Mbande Zachikasu za ku Chinakanaka

Nazale ya m'tsinde mwa phiri, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970

Ana anga, za ubwana wanga sindilembapo, azakhali anu amazikumbukira bwino kuposa ine. Ndiyambira pamene ndinayamba ntchito. Nditamaliza maphunziro a za nkhalango ananditumiza kwathu konkuno ku Mulanje, ku nazale ya mitengo imene inali m'tsinde mwa phiri, mtunda woyenda pansi kuchokera pa Chinakanaka. Ndinafika ndi sutikesi ya malata, bulangete limodzi, ndi nsapato zatsopano zimene zinanditulutsa matuza. Ine ndinkaganiza kuti andipatsa yunifolomu ndizikalondera nkhalango anthu n'kumandiopa. Anandipatsa keni yothirira mbande.

Bwana wanga woyamba anali a Msiska, munthu wa kumpoto, wamtali, wolankhula mosathamanga, Chichewa chake chomveka Chitumbuka pang'ono. Antchito ankawatcha a Masamba kuseri, chifukwa m'thumba la malaya awo simunkasowa tsamba la mtengo. Tsiku langa loyamba ananditengera pa mabedi awiri a mbande za mbawa. Mbewu yake inachokera mumtengo umodzi ndipo inafesedwa nthawi imodzi, koma bedi lina linali pansi pa chisakasa cha udzu wothithikana, linalo linali pamtetete. Anathyola tsamba uku ndi uku, n'kundiuza kuti nditsinzine ndiwakhudze. La mumthunzi linali lotambalala, lofewa, lopyapyala. La padzuwa linali laling'ono, lokhuthala, lolimba ngati chikopa. Nditatsegula maso anandifunsa kuti ndi mbande iti imene ndingakadzale paphiri lopanda mtengo. Ndinaloza ya mumthunzi, popeza inali yobiriwira mosiririka pamene inzakeyo inkaoneka yachikasu ngati yodwala. Sanandiseke. Anangonditumiza kuti nditulutse mbande zingapo za mumthunzi ndiziike padzuwa, ndizizithirira monga mwa masiku onse. Unali mwezi wa Okutobala. Sabata isanathe masamba aja anayamba kuyera, kenako anafiira m'mphepete n'kupindika ngati awauka ndi moto, ngakhale dothi la m'machubu linali lonyowa.

Pamenepo ndi pamene anayamba kundiphunzitsa. Ankati mtengo sudya dothi monga anthu amaganizira. Chakudya chake umadzipangira wokha m'masamba, pogwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa, madzi ochokera kumizu, ndi mpweya umene umalowa patimabowo ta kunsi kwa tsamba. Tsamba lomera mumthunzi limatambalala ndi kuda kuti ligwire kuwala kochepa komwe kulipoko, ndipo mumthunzimo limagwira ntchito bwino kwambiri. Koma ukaliika padzuwa lamphamvu limalandira kuwala kopitirira mphamvu zake, limatentha, limataya madzi msanga, n'kupsa. Lomera padzuwa limakhala ndi mnofu wambiri m'kati ndi khungu lolimba, choncho dzuwa likakwera ilo ndiye limapanga chakudya chochuluka. Chimene ankabwereza kawirikawiri n'chakuti tsamba likakhwima silisinthanso kwenikweni. Mbande ya mumthunzi imafuna masabata angapo ukuchotsa udzu wa chisakasa pang'onopang'ono ndi kuchepetsa madzi, mpaka itatulutsa masamba atsopano opangidwira padzuwa. Ntchito imeneyi tinkaitcha kukhwimitsa mbande.

A Msiska sankafuna kuti ndingokhulupirira mawu awo. Ankaphimba theka la tsamba ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, n'kulisiya pamtengo. Madzulo a tsiku lotsatira tinkalithyola, kuliwiritsa, kulinyika mu sipiriti mpaka kubiriwira konse kutachoka, ndiyeno kudonthezapo ayodini wa pabala. Mbali imene inaona dzuwa inkada bii, yophimbidwayo inkatsala yotuwa. Kuda kumeneko ndiko kunali chakudya chimene tsamba lapanga. Tinkajambulanso masamba papepala la timabokosi kuti tidziwe kukula kwake, kuwaumitsa, ndi kuwayeza kulemera. Tinachita zimenezi ndi mbawa, mtangatanga, malaina ndi bulugamu. Mtangatanga unkatidabwitsa ndi timasamba take tating'ono timene timapindika dzuwa likanyanya. Bulugamu akakula masamba ake amalendewera chozondoka, dzuwa la masana n'kumawamenya cham'mbali. A Msiska ankati mtengo uliwonse uli ndi njira yake yolandirira dzuwa, ndipo wodzala mitengo pamalo ogumuka ayambe wadziwa njirayo asanakumbe dzenje.

Tsiku lina anandituma pa Chinakanaka kukagula kyutekisi, uja amapaka akazi m'zikhadabo, koma wopanda mtundu. Ndinazungulira sitolo ya a Mangwiro kangapo ndisanalowe. Pakauntala panali mtsikana, mwana wa mlongo wa eni sitolo, dzina lake Edina. Nditatchula chimene ndinkafuna anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kufunsa kuti mwayi umenewo wagwera ndani.

“Ndi wa masamba,” ndinatero.

“Masamba ndi dzina lawo mayiwo?”

Ndinayesa kufotokoza, koma pamene ndinkafotokoza m'pamene iye ankasekera. Kyutekisi uja tinkapaka kunsi kwa tsamba, akauma n'kumumatula ngati kakhungu. Loweruka tinapita nato tizikopato kuchipatala cha ku Mishoni, kumene mnzawo wa a Msiska wa kulabu anatilola kuyang'ana pa makina aja oonera tizilombo ta malungo. Ndinaona timilomo tambirimbiri, tina totseguka tina totseka, tothinana kwambiri patsamba la padzuwa kuposa la mumthunzi. Ndinatuluka m'chipindamo ndikuona mitengo ya pabwalo la chipatala ngati ndikuiona koyamba. Lolemba lake ndinabwerera kusitolo kukamuuza mtsikana uja zimene ndinaona, ngakhale sanandifunse. Mtsikana ameneyo ndiye mayi anu. Paukwati wathu a Mangwiro, pokhala malume awo, ndiwo anali nkhoswe ya kuchikazi.

Zaka za kusowa, chakumapeto kwa m'ma 1970

Lolemba lina m'mawa tinapeza nyumba ya a Msiska ili yotseka, makatani atachotsedwa. Tinangouzidwa kuti asamutsidwa. Masiku amenewo munthu sunkafunsa kawiri. Patapita zaka ndinamva kuti anachotsedwa ntchito ndipo ankalima kwawo, koma sindinaonane nawonso. M'malo mwawo munabwera a Kapito, bambo wachikulire, wonenepa, wosakonda phokoso. Za masamba analibe nazo chidwi, koma sanandiletse kupitiriza. Anandiika kukhala woyang'anira nazale yonse, ndipo tinapatsidwa kanyumba ka boma pafupi ndi mabedi. Mwana wathu Fanuel anabadwira m'menemo.

Kenako zinthu zinayamba kusowa. Mafuta a galimoto anavuta, lole yathu inakhala pansi pa mtengo wa mango mpaka nkhuku zinayamba kuikira m'kati. Machubu a pulasitiki anasiya kubwera. Tinkadula nsungwi n'kuzing'amba pakati, kuzimanganso ndi luzi, kuthiramo dothi. Amayi amene ankagwira ganyu panazale ankaluka timiphika ta makoko ouma a nthochi, zala zawo mpaka kuchita zipsera. Makeni obooka tinkamata ndi phula la mumsewu. Mbewu tinkakatola tokha wapansi, nthawi zina mpaka kufupi ndi malire, kumene anthu ankatilonjera m'Chilomwe n'kutipatsa makaka owiritsa, chinangwa choumitsa chija. Mbande iliyonse ya zaka zimenezo inadutsa m'manja mwa anthu ambiri isanafike pokadzalidwa, ndipo ndinkadziwa amene analuka mphika wake.

Ndinasunga mabedi a mitundu iwiri monga anandiphunzitsira a Msiska. Mbande za mumthunzi zinali zokadzala m'makwawa, m'mbali mwa mitsinje momwe munali kale mitengo ikuluikulu yoziphimba. Zokhwimitsidwa zinali za m'mapiri oyera. Mlendo aliyense wofika panazale ankathamangira ku chisakasa n'kumayamikira kubiriwira, zachikasuzo osazicheukira n'komwe. Ndinali nditazolowera.

Dzinja la mwambo wodzala mitengo

Kumtunda kwa sukulu ina kufupi ndi Chinakanaka kunali kaphiri kamene anthu anakadula mitengo yonse. Mvula ikagwa madzi ankatsika ndi miyala, kukumba zigwembe m'minda ya anthu, ndipo chaka china analowa m'kalasi. Chaka chimene ndikunenachi anakonza kuti mwambo wodzala mitengo wa dera lathu ukachitikire pamenepo, ndipo kudzabwera mlendo wamkulu wa chipani kuchokera ku Blantyre. Nthawi imeneyo a Mangwiro anali atasankhidwa kukhala tcheyamani wa chipani m'deralo. Musawaganizire zoipa agogo anu amenewa. Anali munthu wopatsa, ndipo Fanuel atadwala chikuku ndi iwo anamunyamula panjinga kupita naye ku Mishoni. Koma udindo umenewo unali ndi mantha ake, ndipo iwo ankagona nawo.

Kutatsala masiku ochepa anafika panazale ndi anyamata awiri a chipani a malaya ofiira. Ine ndinali nditakhwimitsa kale mbawa ndi mtangatanga za kaphiri kaja, ndipo ndinawatengera komweko. Anangoziyang'ana kamodzi n'kupitirira, mpaka kukaima pansi pa chisakasa.

“Mkamwini, izi ndi zimene ndikufuna. Zija n'zodwala.”

Ndinawauza mwaulemu kuti sizikudwala, ndi kuti zobiriwirazo zikapita pakaphiri paja zipsa. Kaphiriko kanayang'ana kumadzulo, dothi lake ndi losaya, ndipo Januwale wa kuno mvula ikangodukiza sabata imodzi dzuwa limabwera laukali. Nthawi yoti n'kuzikhwimitsa inali itatha. Ndinathyola masamba awiri kuti awakhudze. Sanatambasule dzanja, mwina chifukwa cha anyamata aja.

“Bwana akubwerawo sadzagwira tsamba,” anatero. “Adzangoona ndi maso.”

Ndinapempha kuti mlendo ndi akuluakulu tiwapatse zobiriwira, ana a sukulu adzale zokhwimazo. Anakana. Ankafuna kaphiri konse kaoneke kobiriwira kuchokera pansanja. Atachoka ndinapita kwa a Kapito. Anandimvetsera akusenda chimanga chowotcha, kenako anati iwo atsala pang'ono kupuma pantchito ndipo safuna kukapumira kundende.

“Apatseni zimene akufuna, a Mulipa. Zikafa tidzati ndi mbuzi.”

Kunyumba mayi anu anali ndi pakati pa miyezi inayi. Ndinawafotokozera zonse tikusankha nandolo pakhonde. Iwo anali munthu amene anamva za masamba kuposa wina aliyense, ndipo sanatsutse kuti mbandezo zifa. Chimene ananena n'chakuti malume awo ndiwo mwini mbumba, ndipo kuwachititsa manyazi pagulu ndi kuchititsa manyazi mtundu wonse. Anandikumbutsanso za nyumba ya a Msiska.

“Mtengo ukafa mudzadzala wina,” anatero. “Nanga akakutengani inuyo, ana awa ndidzawauza chiyani?”

Mpaka lero sindinganene kuti ankalakwa. Masiku otsalawo ndinkayenda pakati pa mabedi awiri aja ngati munthu wotaya chinthu. Ndinkaganiza za amayi oluka timiphika, kuti ntchito yawo ya chilimwe chonse ikapsa m'sabata imodzi, ndipo m'makwawa momwe mbande za mumthunzi zinayenera kupita mutsala opanda kanthu. Ndinali nditamvanso kuti a hedimasitala alamula kuti mwana aliyense akhale ndi mtengo wake, ndipo amene wake udzafe adzalandira chibalo. Ana akanalangidwa pa mlandu umene ine ndinkaudziwa usanachitike. Chinanso n'chakuti anthu a kumeneko ankanena kale kuti mitengo yachilengedwe siidzalidwa, imamera yokha. Mbawa zikanafa pamaso pawo, sakanavomeranso kudzala china koma bulugamu, amene pakaphiri pamwamba pa minda sankayenera. Sindinali munthu wolimba mtima. Ndinkadziuza kuti malume adzakalipa masiku awiri, nkhani n'kutha.

M'mawa wa tsikulo tinanyamula mbande pangolo ya ng'ombe. Ndinaika zobiriwira zokwanira mlendo ndi anthu a pansanja. Zina zonse zinali zokhwimitsidwa. A Kapito anali atadwala mutu mwadzidzidzi, sanapite. Amayi a chipani anavina, ana anaimba, mlendo anadzala mbande yake yokongola anthu n'kuwomba m'manja. Zikanathera pomwepo bwenzi nkhani ino kulibe. Koma mlendoyo anali munthu wokonda kuyenda. Anakwera kaphiri kutsata mzere wa ana, akuyang'ana zimene anagwira m'manja. Atabwerera pansanja anatenga chimkuzamawu n'kufunsa ngati anthu a dera lino amaona kuti chitukuko ndi choseweretsa, popeza akuluakulu awapatsa mbande zabwino koma ana a mtundu wa Malawi awapatsa zodwala. Anafunsa kuti tcheyamani wa kuno ndani. A Mangwiro anaimirira, chipewa chili m'manja. Sindinaonepo munthu wamkulu akuchepa chotero. Palibe amene anandifunsa ine, ndipo pamalo ngati amenewo munthu sunkayankha usanafunsidwe.

M'mawa mwake anyamata a malaya ofiira anadzanditenga. Ku ofesi ya chipani anandikhazika pansi pasimenti. Anafuna khadi langa la chipani, ndinawaonetsa. Anafunsa amene anandituma kuti ndinyoze mlendo, ndiponso ngati ndimalemberana ndi a Msiska. Ndikayamba kufotokoza za masamba ankandidula, amati sanandiitanire sukulu. A Mangwiro anakhala pakona osanena kanthu. Panthawiyo ndinawakwiyira, koma pambuyo pake ndinamvetsa kuti akanangonditeteza akanati akubisa mkamwini wawo, tonse awiri tikanapita. Dzuwa litapendeka ndinamva wina akutchula zoitana galimoto ya apolisi.

Ndiye kunalowa a Kapito, atavala jekete la kutchalitchi, baji ya chipani ili pachifuwa. Sanandiyang'ane. Anauza akuluakuluwo kuti iwo akhumudwa kuposa aliyense, ndipo andilanga kale: andichotsa panazale, anditumiza pamwamba pa phiri ku Chambe, ndipo sindidzatsika mpaka iwo atanena. Anati kumeneko kuzizira kukandilanga kuposa mmene ndende ingachitire. Anthu aja anaseka, ndipo kusekako ndiko kunandipulumutsa. Tili panjira a Kapito anayenda patsogolo mpaka titadutsa msika.

“Kalongedzeni lero lomwe,” anatero osacheuka. “Asanasinthe maganizo.”

Nyumba ya boma inayenera kuperekedwa kwa wondilowa m'malo, choncho mayi anu ndi Fanuel anabwerera kumudzi kwa amayi awo, m'manja mwa malume omwewo. Mayi anu anandilongedzera zovala, ufa ndi mchere, chilichonse m'malo mwake. Pochoka ndinatsanzika, iwo anangoti muyende bwino, maso ali pa mtondo. Uthenga unandipeza ndisananyamuke woti a Mangwiro anena kuti za banja lathu akambirananso ndi ankhoswe a kwathu.

Ku Chambe, chaka chomwecho

Njira ya ku Chambe inu mwaiyendapo mukusangalala ndi anzanu. Ine ndinaikwera mvula ikugwa, sutikesi ili pamutu, ndikupatukira amuna onyamula matabwa amene ankatsika chothamanga opanda nsapato. Pamwamba ndinapeza nyumba ya matabwa, mabulangete onunkha utsi, ndi paini ponseponse. Pansi pa paini wothithikana panali mdima ndi masamba ouma okhaokha, popanda chomera china. Ntchito yanga inali kuyang'anira antchito ochepa olambula njira zotchinga moto, ndi kusamala kanazale kakang'ono ka mkungudza kamene kanali katatsala pang'ono kufa.

Masabata oyamba ndinkangogwira ntchito kuti tsiku lithe. Chiperoni chikabwera sunkaona ngakhale nyumba ya mnzako, ndipo zala zinkakanika kumanga batani. Koma chizolowezi sichichoka. Tsiku lina ndinapezeka ndathyola kanthambi ka mkungudza ndikukayang'anitsitsa. Mtengo umenewu uli ndi masamba a mitundu iwiri. Ukakhala waung'ono amakhala ngati tisingano tofewa totambasuka. Ukakula amasanduka timamba tating'ono tomatirira kunthambi ngati chingwe cholukidwa, moti mphepo ya pamwamba paja siipeza poyamwa madzi. N'chifukwa chake umapirira pamwala ndi pachisanu, komanso n'chifukwa chake umakula mochedwa, chifukwa malo olandirira kuwala ndi ochepa. Ndinazungulira m'nkhalango zakale za mkungudza ndipo pansi pa mitengo ikuluikulu sindinapeze mbande ndi imodzi yomwe. Zinali m'mphepete, pamene dzuwa limafika. Amene analipo ine ndisanabwere ankaphimba kanazale kaja usana ndi usiku poopa chisanu, ndipo mantha akewo anali oona, chifukwa chisanu cha kumeneko chimapha mbande. Koma mbandezo zinkatalika zowonda n'kumagwa. Ndinayamba kuphimba madzulo ndi kuvundukula dzuwa likatuluka. Zina zinafa ndithu. Zambiri zinalimba tsinde, ndipo pofika nthawi yozizira zinali zitaima zokha.

Uthenga wopita kumudzi ndinkatumiza kudzera mwa a Saidi, mkulu wa onyamula matabwa, Msilamu wa pa Chinakanaka amene ankadziwa banja lonse la mayi anu. Ndinkatumiza sopo, shuga ndi moni. Pobwera ankandiuza kuti katundu wafika, onse ali bwino. Ndikafunsa ngati pali mawu, ankayang'ana kumbali n'kunena kuti mwina ulendo wamawa. Mwezi wa Juni anafika panazale m'mawa wina akupuma mofulumira, n'kukhala pachitsa.

“Kwanu kwabwera mlendo, a Mulipa. Wamkazi. Mayi ndi mwana ali bwino.”

Ndinatumiza pempho kwa a Kapito kuti nditsike ngakhale tsiku limodzi. Yankho linali lakuti nkhani ija sinazizire, ndikaoneka pa Chinakanaka iwo sangathenso kunditeteza. Ndinafunsa a Saidi dzina la mwanayo, iwo anati sanalimve. Ndinaganiza kuti akundibisira, kuti mwina malume amutcha dzina la kwawo posonyeza kuti ine ndilibenso gawo. Kenako udzu unauma, nyengo ya moto inayamba, ndipo ngakhale akanandilola sindikanachoka. Ndinkakhala pansanja yoonera utsi ndikuyang'ana kumunsi, kumene minda ya tiyi imathera ndi midzi kuyamba, ndikuyesa kuloza denga la apongozi anga.

Tsiku lina mu Ogasiti, dzuwa lili pamutu, ndinali panazale ndikuzula udzu m'machubu. Ndinamva mawu a onyamula matabwa akukwera, koma tsiku limenelo ankayenda pang'onopang'ono, zimene sizinali zawo. A Saidi anatulukira poyamba atanyamula Fanuel paphewa. Pambuyo pawo panali mayi anu, mtolo uli pamutu, mwana ali kumbuyo, chitenje chitanyowa ndi thukuta, mapazi atatupa. Anali atanyamuka mbandakucha. Anatula mtolo uja n'kukhala pansi pomwepo pakati pa mabedi. Ndinathamanga kukatunga madzi. Anamwa, natsuka kumaso, n'kuyang'ana uku ndi uku.

“Ndiye kuno ndi kumene munasankha,” anatero.

Ndinati sindinasankhe kuno. Iwo anati ayi, ndinasankha, ndipo iwo akhala ndi miyezi yokwanira yoti aganize ngati angakhale ndi mwamuna wosankha chotero. Anandiuza kuti ankhoswe anakumana kawiri. Malume ankati banja lithe, koma mayi anu atafunsidwa anati ayambe aonana nane. Anatulutsa mumtolo kalongonda wophikaphika ndi makaka, n'kunena kuti ndaonda ngati mbande zanga. Kenako anandifunsa chifukwa chake sindikufunsa za kaphiri kaja. Ndinati ndikuopa. Anati iwo amadutsa pamenepo popita kusikelo ndi mwana. Za m'munsi zambiri mbuzi zinadya, zina ana anathyola posewera. Zakumtunda zilipo, zapirira chilimwe mpaka pano, ndipo mbawa zayamba kutulutsa masamba ofiirira kunsonga. Malume akamadutsa amayang'ana mbali ina, koma mwezi watha anatuma anyamata awo kukazitchingira ndi minga.

Atanena zimenezo anamasula chitenje, nakutsitsa kumbuyo iwe mwana wanga wamkazi, n'kukuika m'manja mwanga mmene munali dothi. Unali ndi miyezi iwiri ndi masiku, utavala kachipewa kaubweya kokukulira. Ndinafunsa dzina lako.

“Alibe,” anatero mayi ako. “Malume anafuna kumutcha, amayi anafuna kumutcha, a kusikelo atopa n'kundifunsa. Ndinawauza kuti bambo ake alipo, ali kuphiri.”

Ndinakuyang'ana kumaso, a Saidi ndi anzawo ataima chapatali ngati akuyang'ana matabwa. Ndinakutcha Elube, dzina la amayi anga. Mayi ako analibwereza kawiri kuti alimve mmene likukhalira pakamwa, n'kugwedeza mutu. Kenako anaimirira, nanyamula mtolo wawo, n'kufunsa kuti nyumba yake ndi iti mwa nyumba zimenezi, chifukwa mphepo yayamba ndipo mwana sanazolowere kuzizira.